Dzina la Pansi pa Limba

"Lankhulaninso, achemwali," anatero Norvin. Mutu wake unali kuseri kwa kompyuta, miyendo ili pakhomo.

Yelba anayandikizitsa maikolofoni kukamwa. "Wamwalira mu mtendere wa Ambuye..."

"Osati zonsezo. Ingonenani kuti wani, thuu."

"Bambo sankanena wani, thuu."

"Bambo kulibe. N'chifukwa chake ine ndili pansi pa tebulo."

Kachipindako kanali kuseri kwa khitchini, makoma ake omatidwa ndi mathireyi a mazira kuti mawu asamabwerere. M'menemo ndi mmene don Eulogio Munguía ankajambulira mauthenga a maliro a Nagarote yense. Munthu akamwalira, abale ankabwera ndi mayina. Don Eulogio ankawerenga mayinawo pamwamba pa nyimbo ya limba, n'kuika uthengawo mu fulashi, kenako barata, pikiapu yawo yakale ya chimkuzamawu padenga, inkayenda pang'onopang'ono m'misewu yonse. Ndi mmene anthu ankadziwira nyumba yokamwako khofi madzulo ake.

Panali funso limodzi limene palibe analiganizirapo: wolengeza akamwalira, amamulengeza ndani? Don Eulogio anatsirizika m'chipatala ku Managua Lachinayi, Lachisanu n'kuikidwa, barata ili chiimire pansi pa mtengo wa mango. Kumanda kunapita abale, ansembe, ndi anthu ochepa amene anakumana ndi bokosi panjira n'kuchita manyazi kubwerera. Lolemba kunabwera munthu wina kudzalembetsa uthenga wa apongozi ake, ndipo anafunsa ngati don Eulogio anali atadzuka.

Mkazi wawo, doña Leoncia, sanalire tsiku limenelo. Anaitana ana awo awiri kukhitchini.

"Munthu amene ankadzazitsa tchalitchi pa maliro a zidakwa," anatero, "khofi wa pa maliro ake tathirira maluwa. Loweruka kuli misa ya tsiku lachisanu ndi chinayi chimwalirire. Ndikufuna anthu adzaze mpaka kusowa pokhala, ena aime panja padzuwa. Zikapanda kutero, ine kumsika simudzandionakonso. Muzidzandigulira anyezi nokha mpaka ndidzafe."

Norvin, mwana womaliza, ankagwira ntchito ya makompyuta ku Managua, choncho aliyense anatembenukira kwa iye. Atalowa m'kachipindako anayamba n'kuzula mawaya onse a bambo ake. Pakati pa mawayawo panali kabokosi ka chitini cha mabisiketi, kokhala ndi timabatani tiwiri tozungulira. Anakaika m'katoni ya zinyalala. Kenako analowetsa maikolofoni m'bowo lapinki, waya wochokera ku wailesi ya kaseti n'kumulowetsa m'bowo labuluu, monga mmene opanga kompyutayo anafunira.

Tsopano linali Lachitatu, ndipo kompyutayo inali itakana. Akasankha bowo lapinki, inkajambula Yelba yekha, wopanda nyimbo. Akasankha labuluu, inkajambula limba lokha.

"Ili ngati amayi," anatero Norvin akutuluka pansi pa tebulo, ukonde wa kangaude uli kutsitsi. "Imamvera munthu mmodzi basi, ndipo imasankha yokha."

"Ndakumva," anatero doña Leoncia ali kukhitchini.

Koma Norvin sanali wophunzira pachabe. Anajambula nyimbo payokha, mawu paokha, n'kuzisanjikiza pakompyuta pomwepo. Chinatsala ndi mwini mawu. Yelba, amene anali mphunzitsi, anayesa koyamba, koma uthengawo unamveka ngati akuitanira makolo kumsonkhano wa ana osamva. Ndipo atafika pa dzina la bambo ake, anangoika maikolofoni patebulo. Choncho anawerenga ndi Norvin.

Mawu a Norvin anatengera kwa amayi ake: opyapyala, othamanga. Masana anayesa barata m'misewu ya kufupi ndi msika. Mayi wina anatuluka ndi fani yakufa ndi mabatire akale, poganiza kuti ndi ogula zitsulo. Wina anafuula pawindo kufunsa mtengo wa tomato. Nkhalamba ina inaimitsa galimoto, n'kumvetsera mwaulemu uthenga wonse, kenako inafunsa kuti katemera wa agaluyo ndi wa tsiku liti.

Pa chakudya chamasana, ali pakati pa mpunga ndi nyemba, kunja kunamveka mawu.

"Quesilloooo! Wotentha, wa anyezi wambiri!"

Anali mawu akuya, odekha, ochokera pansi pamimba, mawu oti ngakhale akunena za tchizi munthu amafuna kuvula chipewa. Galu wa pakhomopo, amene chimwalirire mbuye wake sanadzuke pansi pa mtengo wa mango, anathamangira kugeti akugwedeza mchira. Doña Leoncia anaimirira n'kukatseka windo.

Fanor ankagulitsa quesillo, tchizi wokulunga m'kamkate kopyapyala ka chimanga, kumsewu waukulu, pamene pamaima mabasi a ku León, ndipo masana ankazungulira m'tauni ndi njinga yake ya matayala atatu. Mawu ake anali a don Eulogio enieni, ndipo anabadwa pakati pa Yelba ndi Norvin, masamu amene tauni yonse inawerengera kalekale n'kupeza yankho limodzi.

"Amayi," anayamba Yelba.

"Ayi."

"Sindinanene kanthu."

"Amuna onenepa onse amalankhula choncho."

"Galunso akuganiza kuti ndi kunenepa?" anafunsa Norvin.

"Iwe idya. Ukanakhala ndi mawu a mwamuna bwenzi tikukamba zina."

Yelba anakankha mbale yake. "Amayi, sankhani chimodzi. Kaya tchalitchi chodzaza, kaya windo lotseka. Loweruka ndi mkuja uno."

"Loweruka ndi mtondo. Mphunzitsi wosadziwa masiku."

Komabe sanatsegule windo, ndipo sananenenso kuti ayi. M'nyumba imeneyo zimenezi zinkatanthauza kuti inde.

Fanor anabwera dzuwa litapepa, atavala malaya oyera omwe ankaoneka kuti angowasita kumene. Anaima pakhonde chipewa chili m'manja, galu akumunyambita nsapato.

"Doña Leoncia, pepani ndi zovutazi."

"Zovutazo ndi zathu. Iwe tangofuna kubwereka pakhosi pakopo."

Yelba anamupatsa pepala. Fanor analiwerenga chamumtima, milomo ikugwedera, n'kubwerezanso.

"Papepalapa pali ana awiri."

"Ndi amene ndinabereka."

"Sindikukana, mayi. Koma uthengawu si wanu. Inu mudakali moyo."

Norvin anatsokomola kuti abise kuseka. Doña Leoncia anamuyang'ana, chifuwacho n'kuchira pomwepo.

"Kumanda ndinaima kuseri kwa mitanda ya anthu ena, ngati munthu wodzaba maluwa," anapitiriza Fanor. "Sindinadandaule. Zaka zonsezi pa Khirisimasi malemuwo ankabwera kwathu masana, kwanu madzulo, sindinadandaule. Koma kuti pakamwa panga pomwe pandidumphe, zimenezo ayi. Mundikhululukire."

"Ndipo kuti dzina lako lizungulire Nagarote padenga pa galimoto ya mwamuna wanga, akazi a kumsika akumva, zimenezonso ayi."

Fanor anapinda pepalalo bwinobwino n'kulibweza. Pochoka anasiya jumbo ya quesillo pampando. Doña Leoncia analamula kuti apatse galu. Norvin anapita nayo kuseri kwa nyumba, ndipo galuyo analandirako kachidutswa.

Lachinayi m'mawa Norvin anabwerera pakompyuta ndi maganizo atsopano: atenge mauthenga akale a bambo ake, adule mawu amodziamodzi, alumikize. Maganizowo anafa msanga, chifukwa don Eulogio anali asananenepo dzina lawo lomwe mu uthenga uliwonse. Koma potsegula mauthengawo, Norvin anaona chinthu chimene chinamuiwalitsa khofi.

"Achemwali, tabwerani muone."

Pasikirini mawu ankaoneka ngati mzera wa udzu, wofanana msinkhu kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Koma m'mauthenga ena, chakumapeto, udzuwo unkatumphuka n'kukhala phiri, kenako n'kutsikanso.

"Apa limba likukwera mwadzidzidzi," anatero Norvin. "Poyamba ndimati kaseti inatha ntchito. Koma kaseti ndi imodzi, ndipo phirili silikhala pamalo amodzi m'nyimbo. M'mauthenga ena mulibiretu. Ndiye si nyimbo. Ndi dzanja."

"Bambo ankatengeka mtima. Ine ndimadziwa choncho kuyambira kale."

"Munthu amene ankadya nthochi uku akujambula maliro a mwana wa ubatizo wake? Tamverani apa."

Anamuveka mahedifoni. Unali uthenga wa maliro a mwini sitolo ya mankhwala. Mawu a bambo awo anatchula mkazi wa malemuyo, ana atatu, kenako limba linafuula ngati tchalitchi chikugwa. Yelba anatsinzina, akanikiza mahedifoniwo ndi manja.

"Bwezanso." Anamvetsera kachiwiri, maso n'kutseguka. "Akuti, ndi mwana wake Migdalia. Migdalia wa kusaluni uja! Mayo ine! Ndiye mphuno ija!"

Anatsegula wina. Pansi pa phiri panali dzina la mwana amene anali kundende. Pansi pa lina panali mayi amene anakhala ndi malemu zaka zambiri popanda ukwati wa kutchalitchi. Uthenga wa dalaivala wina wa basi unali ndi phiri lalitali ngati Momotombo, ndipo pansi pake mayina anali pamzera, ochokera m'matauni onse a m'njira ya ku Chinandega.

Norvin anapita ku katoni ya zinyalala n'kutulutsa kabokosi ka chitini kaja. Anakatembenuza. Mabowo awiri olowera, limodzi lotulukira. Kabatani kena ka maikolofoni, kena ka wailesi ya kaseti. Zonse zinkasakanikirana m'chitinimo, n'kulowa m'kompyuta pa bowo limodzi, labuluu lija. Utoto wa pa kabatani ka nyimbo unali utafufutika ndi chala.

"Ndiye kuti abale akakana dzina, iwo ankavomera," anatero Yelba pang'onopang'ono, "kenako n'kulitchulabe."

"Okana aja n'kumva limba, n'kukhutira." Norvin anakanda m'mutu. "Koma pali chimene sichikundilowa. Injini ya barata imachita phokoso, galimoto ikuyenda, limba lili pamwamba. Dzinalo palibe angalimve. Phindu lake n'chiyani?"

"Bwezera mawayawo mmene unawapezera," anatero mawu ali pakhomo.

Doña Leoncia anali ataima pamenepo ndi tsache, ndipo sizinadziwike kuti anafika nthawi yanji. Pankhope pawo panalibe kudabwa kulikonse.

"Kamuuzeni wogulitsa uja," anatero. "Dzina lakelo alitchule, pamapeto. Koma dzanja la pa kabataniko likhala langa."

"Ndingathe kukweza nyimboyo pakompyuta, amayi. Zimatuluka bwino kuposa..."

"Kompyuta yako ndi iwe ndinu amodzi. Ndati dzanja langa."

Yelba anakamupeza Fanor kumsewu waukulu akukulunga quesillo pawindo la basi. Anamufotokozera zonse. Fanor anapukuta manja, n'kuganiza.

"Limveka?"

"Ayi, achimwene." Liwu limeneli linamupulumuka Yelba, ndipo onse awiri anayang'ana basi. "Silimveka."

"Bola lituluke pakamwa. Ine ndemwe ndilimva."

Anajambula masana a tsiku lomwelo. Kachipindako kanali kochepa, moti Fanor ndi doña Leoncia anakhala mawondo atatsala pang'ono kugundana, aliyense akuyang'ana khoma lake. Norvin anayatsa kaseti, limba linayamba chapansipansi, ndipo anakweza chala.

"Banja la Munguía," anayamba Fanor, "likuitana anthu onse a Nagarote ku misa yopempherera mzimu wa don Eulogio Munguía, amene anagona mu mtendere wa Ambuye..."

Yelba anatuluka n'kukaima kukhitchini, atagwira mpopi wamadzi. Mayi wa nyumba yoyandikana, amene anabwera kudzabwereka chikombe cha shuga, anamva mawuwo ali pakhonde, anadzilemba chizindikiro cha mtanda n'kubwerera chothamanga, chikombe chili m'manja chopanda kanthu.

"Akukuitanani mkazi wawo, doña Leoncia, ndi ana awo, Yelba..."

Doña Leoncia anapotokola kabatani ndi mphamvu zawo zonse. Limba linabangula. Thireyi imodzi ya mazira inamatuka kukhoma n'kugwera pamutu pa Fanor.

Norvin anaimitsa, n'kubweza kuti amvere. "Amayi! Mwafulumira! Mwakwirira ine!"

"Dzanja linatsogola."

"Ndiye tauni yonse iziti wapathengo ndi ine?"

"Ndi mawu akowo, ena amanena kale," anatero Yelba ali kukhitchini, akupukuta m'maso ndi nsalu ya mbale.

Fanor anaseka, kuseka kwakuya kogwedeza mapewa, ndipo doña Leoncia anatembenuka n'kumuyang'ana kwa nthawi yoyamba. Anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenako anatola thireyi ija n'kuiika pambali.

"Yambiranso. Ndipo usapume pakati pa mayina, umandisokoneza."

Ulendo wachiwiri dzanja linadikira. Yelba anamveka, Norvin anamveka, ndipo limba linakwera pamalo pake, ngati chitseko chotsekedwa ndi munthu wodziwa nyumba. Pasikirini panamera phiri labwino, losalala mbali zonse.

Lachisanu masana doña Leoncia anavala diresi lakuda n'kukwera kutsogolo kwa barata, chinthu chimene ana awo anali asanachionepo. Norvin anayendetsa. Asanamalize ngakhale msewu woyamba, anthu anali atayamba kutuluka m'nyumba. Ometa tsitsi anaima pakhomo malezala ali m'manja, makasitomala awo thovu lili kumaso. Amuna a pa benchi ya m'paki anavula zipewa. Mtsikana wina anakuwa n'kugwetsa beseni.

"Ndinanena ine!" anafuula wokonza njinga, akuthamanga m'mbali mwa galimoto. "Don Eulogio sangalole munthu wina awalengeze! Nthawi yanji, doña Leoncia?"

"Mvetsera, akunena yekha," anayankha iwo osatembenuka.

Kumsika akazi anasiya malonda n'kuzungulira galimoto, kupepesa, kulumbira kuti sanamve, kufunsa ngati abweretse mipando. Doña Leoncia ankangogwedeza mutu pang'ono, ngati bishopu. Limba likakwera ankayang'ana nkhope za akaziwo imodziimodzi. Palibe inasintha.

Atamaliza misewu yonse, Norvin anakhotera kunyumba.

"Osati uko. Pita kuseri kwa siteshoni yakale."

"Kumeneko kuli nyumba zochepa, amayi. Msewu wakenso ndi woipa."

"Ndakufunsa za msewu?"

Analowa m'kanjira kafumbi kodutsa pakati pa mipanda ya minga. Kumapeto kwake kunali nyumba ya chitseko chobiriwira. Pakhonde panali mayi wachikulire pampando wogwedera, doña Cándida, amayi ake a Fanor. Fanor yemwe anali chapambali, atakhala pa ndowa, akudula anyezi wa mawa.

"Ima apa. Pafupi ndi geti. Zimitsa injini."

Norvin anazimitsa. Phokoso la injini litatha, kanjirako kanangotsala ndi mawu a padenga, oyandikira kwambiri moti munthu ankamva ngakhale mpweya wa wowerengayo. Uthengawo unali utangoyambiranso. Doña Cándida anasiya kugwedeza mpando. Akazi awiriwo sanapatsane moni. Aliyense anapeza choyang'ana: wina mpanda, wina galasi la galimoto.

"Dzulo umafunsa phindu lake," anatero doña Leoncia motsitsa mawu. "Bambo ako akamaliza kuzungulira, ankabwera pakhomo pa mwini dzina. Ankaima chonchi, n'kuzimitsa injini, n'kutsika ngati akuyang'ana tayala."

"Inu mukudziwa bwanji? Simunkakwera nawo."

"Atamwalira bambo anga, anaima pakhomo pa amayi anga." Anakonza kolala ya diresi lawo. "Nthawi imeneyo kunalibe kompyuta, ankalankhula ali m'galimoto momwemo, dzanja lili pa wailesi. A kunyumba yaikulu anamva limba. Ine ndinali panja, ndikuchapa."

Norvin anatsegula pakamwa. Agogo ake aakazi ankawadziwa bwino, ankakhala okha m'kanyumba ka kumtsinje, ndipo anali asanadzifunsepo chifukwa chake.

"Tayalalo linalibe vuto lililonse," anatero amayi ake. "Ndinamupatsa madzi akumwa."

Padenga mawu anali atafika pa mkazi wawo, doña Leoncia. Fanor anaika mpeni pansi. M'maso mwake munali misozi, koma munthu wodula anyezi safunsidwa.

"Ukudikira chiyani? Tsika. Usangokhala ngati thumba la chimanga."

Norvin anatsika. Anazungulira galimoto, n'kunjuta pa tayala lakumbuyo, lodzaza bwino, lopanda msomali. Analigogoda ndi chala, n'kuyandikizitsa khutu. Pamwamba pake limba linakwera, ndipo iye anakhalabe chinjutire, akupapasa tayalalo, mpaka dzina lonse litadutsa.